Alonda a papepala abwerera pakhomo, koma khomolo lasintha

Ku Hong Kong ndi ku Guangdong, kummwera kwa China, mwamuna ndi mkazi wake akayambana n'kukhala duu, wina kuloza nkhope uku wina uko, achibale amanong'onezana kuti "alonda a pakhomo awamata mosemphanitsa." Mawuwa achokera ku mwambo wakalekale. Chaka chatsopano chikayandikira, banja limamata zithunzi ziwiri za asilikali pa zitseko ziwiri za khomo lalikulu, wina kumanja wina kumanzere, ndipo awiriwa amayenera kuyang'anizana. Womata akalakwitsa, alondawo amafulatirana, chiwanda n'kudutsa pakati pawo osachiona.

Zithunzi zimenezi, pamodzi ndi zinzake zambirimbiri, pa Chitchaina amazitcha nianhua, kutanthauza zithunzi za chaka chatsopano. Ankazidinda pamanja ndi matabwa osema. Zaka 40 zapitazo ambiri ankaona ngati lusoli lapita ndi agogo. Lero mwana wa sukulu ku Toronto, ku London kapena ku Singapore, yemwe mwina makolo ake anachokera ku India kapena ku Nigeria, amapatsidwa burashi ndi thabwa pa chikondwerero cha m'dera lawo n'kudinda yekha nsomba yofiira. Anthu akuti lusoli ladzuka. Ladzukadi, koma chomwe chadzukacho si ndendende chomwe chinagona chija. Kuti kusiyanako kumveke, tiyambe ndi ntchito yomwe mapepalawa ankagwira.

Pepala la chaka chimodzi

Nianhua sichinali chinthu chosunga m'bokosi. Mlimi ankachigula pamsika mwezi womaliza wa chaka, pamtengo wa zinthu wamba, n'kukachimata ndi phala la ufa. Dzuwa linkachiwaula, mvula n'kuchinyowetsa, utsi n'kuchidetsa. Chaka chikatha ankachimatula n'kumatapo china. Chaka chatsopano cha Atchaina chimatsata mwezi, ndipo chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, nyengo yozizira ikulowera kumapeto.

Ndati "ankachigula", koma eni ake angandidzudzule. Chithunzi cha mulungu sagula. Amati akumuitana kuti abwere kunyumba, ngakhale ndalama zimatuluka m'thumba ndithu.

Alonda awiri otchuka kwambiri ndi Qin Qiong ndi Yuchi Gong, akuluakulu a asilikali a mfumu Taizong ya ufumu wa Tang, yomwe inalamulira kuyambira mu 626 mpaka 649. Nthano imati mfumuyi inkasowa tulo chifukwa cha mizimu yomwe inkasokosa usiku. Asilikali awiriwa anaima pakhomo usiku wonse, mfumu n'kugona tulo tofa nato. Poona kuti anthu ake akufooka ndi kuchezera, inalamula kuti awajambule, ndipo zithunzizo zinagwira ntchito yomweyo. Qin amajambulidwa wa nkhope yoyera, Yuchi wa nkhope yakuda ndi ndevu zoimirira.

Koma mwini nyumba weniweni anali Zao Jun, mulungu wa kukhitchini. Chithunzi chake chinkakhala pamwamba pa malo ophikira chaka chonse, akuona zonse: ndewu, kutaya chakudya, kulalatira apongozi. Pa tsiku la 23 kapena 24 la mwezi womaliza, banja linkamupatsa maswiti omata kapena kumupaka uchi pamilomo, kenaka n'kuwotcha pepalalo. Utsi ndiwo unkamukweza kumwamba kukapereka lipoti la banjalo kwa mfumu ya kumwamba. Zotsekemerazo zinali zoti akanene zokoma zokhazokha, kapena kuti kamwa imatane asanene kalikonse. Katangale wina ndi wakale ndithu. Usiku wolowa chaka chatsopano ankamata pepala latsopano, mulunguyo n'kukhala kuti wabwerako. Pamwamba pa chithunzichi nthawi zambiri pankadindidwanso kalendala yosonyeza magawo 24 a nyengo za ulimi, choncho pepala lomwelo linkauza mlimi nthawi yofesa.

Zithunzi zina zinali zongofunira banja mafuno abwino, ndipo zimenezi zimalankhula mwa masewera a mawu. Chodziwika kwambiri ndi cha kamwana konenepa katakumbatira chinsomba, m'dzanja muli duwa la m'dziwe lofanana ndi kakombo. Liwu loti nsomba, yu, limamveka chimodzimodzi ndi liwu loti zotsala pambuyo pokhuta. Dzina la duwalo, lian, limamveka ngati liwu loti motsatizana. Ndiye munthu wosadziwa kuwerenga ankangoyang'ana n'kumva uthenga wonse: chaka ndi chaka nkhokwe isaphwe. Mleme nawonso, womwe ambiri sitiufuna m'nyumba, kumeneko ndi mlendo wolemekezeka, chifukwa dzina lake, fu, limamveka ngati mwayi.

Pa tebulo la wodinda

Kudinda ndi matabwa ku China n'kwakale kwambiri. Buku lodinda lakale koposa lomwe lili ndi deti, la chipembedzo cha Chibuda, ndi la mu 868. Linapezeka m'phanga ku Dunhuang ndipo lero lili ku British Library mu London. Zolemba za m'zaka za m'ma 1100 zofotokoza moyo wa mumzinda wa Kaifeng zimatchula kale ogulitsa zithunzi zodinda za alonda a pakhomo chaka chikamatha.

Ntchito yake imayenda chonchi. Wojambula amalemba chithunzi pa pepala lopyapyala. Pepalalo amalimata chafufumimba pa thabwa losalala, n'kulipekesa ndi chala mpaka litatsala kachikungu kokha, mizere ikuonekera. Thabwa lokondedwa ndi la mtengo wa chipatso chomwe Angerezi amati pear, osati peyala wathu wonona uja ayi. Mtengowu ndi wolimba, mkati mwake n'mothinana, moti mzere woonda ngati tsitsi suthetheka ngakhale utadindidwa kambirimbiri. Wosema amafumbata mpeni m'nkhonya, chala cha dzanja linalo chikuwongolera nsonga, n'kuchotsa paliponse pomwe si mzere. Zonse amasema chobwerera, ngati mukuziona pagalasi. Mpeni ukaterereka pa diso la mulungu, ntchito ya masabata yapita.

Thabwa loyambalo ndi la mizere yakuda. Utoto uliwonse uli ndi thabwa lakelake: lofiira, lachikasu, lobiriwira, lofiirira. Chithunzi chimodzi chimatha kudya matabwa asanu kapena asanu ndi limodzi.

Tebulo lodindira lili ndi mpata pakati. Mbali imodzi amapanapo mulu wa mapepala m'mphepete, kuti pasapezeke losuntha. Mbali inayo pamakhala thabwa. Wodinda amaviika burashi ya ulusi wa mtengo wa kanjedza mu inki, n'kuzunguza pathabwa. Dzanja lina limakoka pepala limodzi n'kuliyala pamwamba, amasisita kumsana kwake ndi chosisitira chaphanthiphanthi, kenaka amalisiya ligwere mumpata muja kuti lilendewere likuuma. Kuviika, kupaka, kuyala, kusisita, kugwetsa. Mulu ukatha, amachotsa thabwa n'kuikapo la utoto wotsatira, osamasula mapepala aja. Apa ndiye pagona luso: amayala pepala loyamba, n'kupapasa ndi zala kuti amve ngati m'mphepete mwa thabwa latsopano mwagwera ndendende pa mzere wakuda. Likaphonya pang'ono, amaligogoda pang'onopang'ono mpaka lilowe m'malo. Akapupuluma, milomo yofiira ya mlonda imakathera patsaya m'mapepala onse a mulu umenewo.

Dera lililonse linali ndi dzanja lake. Ku Yangliuqing, pafupi ndi Tianjin, ankadinda mizere kenaka n'kupaka nkhope ndi zovala pamanja mosamala, chifukwa makasitomala awo ambiri anali a mumzinda wa mfumu, Beijing. Ku Yangjiabu ku Shandong, ku Wuqiang ku Hebei ndi ku Zhuxian pafupi ndi Kaifeng, ogula anali alimi, ndipo mizere yake ndi yokhuthala, utoto wowala kuti uzionekera patali. Ku Mianzhu ku Sichuan kuli mtundu wina womwe ine ndimaukonda koposa. Antchito akamaliza ntchito ya bwana madzulo a tsiku lomaliza la chaka, ankakokota utoto wotsalira m'mbale n'kupaka mothamanga pa mapepala otsala, kuti akagulitse apeze yogulira ndiwo za chikondwerero. Kale zinali za amphawi. Lero akatswiri a zojambula amazitamanda kuti ndiye zamoyo kwambiri.

Lusoli silinakhalepo pakhomo pamodzi

Anthu akamanena za nianhua m'madera okhala mitundu yosiyanasiyana, amayankhula ngati kusakanikirana kwayamba dzulo. Mbiri ikukana.

M'zaka za m'ma 1700, odinda a ku Suzhou anaona zithunzi za ku Ulaya zodindidwa ndi mkuwa, n'kutengera kajambulidwe koonetsa zinthu zakutali zikucheperachepera, komanso mithunzi ya timizere. Zambiri mwa zithunzi za ku Suzhou za nthawi imeneyo zomwe zilipo lero zinasungidwa kunja, ku Japan ndi ku Ulaya, komwe zina anazimata m'makoma a nyumba za mafumu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, utoto wa m'mafakitale a ku Ulaya unalowa m'misika, odinda ambiri n'kusiya kuphika okha utoto wa maluwa ndi makungwa. Kuwala kwina komwe alendo lero amakutcha "kwachikhalidwe" kunabwera pa sitima. Ngakhale ansembe a Katolika ku Shanghai anadindapo zithunzi zophunzitsira chikhristu potsata kalembedwe komweka, podziwa kuti ndiko anthu ankakumva.

Zithunzizi zinkayendanso ndi anthu ake. Mzinda wa Foshan ku Guangdong unkatumiza alonda a pakhomo ku maiko a kummwera chakummawa kwa Asia, komwe kunali Atchaina osamuka. Za ku Foshan zimadziwika ndi kufiira kwa kumbuyo kwake, komwe sikufwifwa msanga ndi dzuwa ndi chinyontho. Za ku Zhangzhou zinkawoloka nyanja kupita ku Taiwan. Ku Vietnam, mudzi wa Dong Ho uli ndi luso lachibale koma lakelake: pepala lake amalipaka ufa wa zigoba za m'nyanja kuti lizinyezimira, ndipo amakonda kujambula nkhumba, nkhuku ndi ukwati wa makoswe. M'China momwemo, mtundu wa Abai ku Dali m'chigawo cha Yunnan umadinda timapepala takuda totchedwa jiama, toti tiwotchedwe popempha kuchira kapena ulendo wabwino, ndipo milungu yake ina ndi ya m'mudzi momwemo, yosadziwika kwina kulikonse.

Chomwe chinapha lusoli

Sichinali chinthu chimodzi. Choyamba anali makina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku Shanghai kunafika makina odinda mwachangu ndi motchipa, ndipo pofika m'ma 1920 makalendala okhala ndi atsikana ovala zamakono, otsatsa ndudu ndi sopo, anali atadzadza m'nyumba za m'tauni. Nkhondo nazo zinaphwasula misika.

Kenaka ndale. Pa nthawi ya nkhondo ndi Japan, kuyambira mu 1937 mpaka 1945, ojambula a chipani cha Chikomyunizimu anaona kuti mlimi sangasiye kumata kanthu pakhomo, ndiye m'malo mwa Qin ndi Yuchi anajambula msilikali ndi mlimi wonyamula zida. Mu Novembala 1949, boma latsopano la chipanichi lisanathe ngakhale miyezi iwiri, linatulutsa lamulo loti pakhale "nianhua zatsopano" zoonetsa ulimi, mafakitale ndi atsogoleri. Milungu inayamba kutchedwa zikhulupiriro zachabe. Mu 1966, pomwe kunayamba chipwirikiti cha zaka khumi chofuna kufafaniza miyambo yakale, matabwa anaunjikidwa n'kutenthedwa. Mabanja ena anakwirira awo pansi. Ena anawasandutsa matabwa wamba, otsekera khola kapena odulirapo ndiwo, kuti asadziwike.

Chachitatu sichitchulidwa kawirikawiri, koma ine ndimaona kuti ndicho chinamaliza: nyumba zinasintha. Alonda awiri amafuna zitseko ziwiri. Fulati ya mumzinda ili ndi chitseko chimodzi chachitsulo. Mulungu wa kukhitchini amafuna khoma la pamwamba pa ng'anjo ya njerwa, osati matailosi ndi chitofu cha gasi. Ndipo wofuna kumata kanthu kofiira ankapeza ka pulasitiki konyezimira kodindidwa pa makina, kotchipa kuposa ka pamanja.

Denga la ku Wuqiang

Mu 2003, wolemba mabuku wa ku Tianjin, a Feng Jicai, anatsogolera ntchito yaikulu yopulumutsa chikhalidwe cha anthu wamba, ndipo nianhua zinali m'gulu la zoyambirira. Magulu a ofufuza anayenda mudzi ndi mudzi kujambula matabwa, kulemba mayina a zida, ndi kufunsa nkhalamba zomwe zinkakumbukira nyimbo zomwe ogulitsa ankaimba pamsika. Mu Okutobala chaka chomwecho, m'mudzi wina ku Wuqiang, anasasula denga la nyumba yakale n'kupeza matabwa osema oposa 150 omwe banja linayala mkati mwa dengalo. Ena anali atafumbwa, ena akuonekabe bwino. Pofika mu 2011 ntchitoyi inali itabala mabuku 22.

Chochititsa chidwi n'chakuti ena mwa mabukuwo ndi a zithunzi zomwe zili kunja kwa China. Chifukwa chake n'chosavuta. Eni ake ankamatula ndi kuwotcha, monga mwambo unkafunira. Amene ankasunga anali alendo. Vasily Alekseev, wophunzira wa ku Russia, anayenda kumpoto kwa China mu 1907 akugula zithunzi zomwe ophunzira a ku China komweko ankaziona ngati zinyalala, ndipo zomwe anasonkhanitsa, zikwi zingapo, zili ku St Petersburg. Mayi wina wa ku America, Anne Goodrich, anagula milungu ya papepala yoposa 200 m'sitolo ina ku Beijing mu 1931, ndipo lero ili ku Columbia University ku New York. Ndiye kuti mdzukulu wa wosema, pofuna kudziwa chomwe agogo ake ankasema, nthawi zina amakachiona pa chithunzi chochokera ku Russia. Tinganene kuti alendowo anachita bwino, koma tisaiwale kuti anasunga chinthu chomwe ntchito yake inali yoti chipse.

Boma nalo linatembenuka. China inalowa m'pangano loteteza chikhalidwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2004, ndipo mu 2006 inatulutsa mndandanda wake woyamba wa miyambo ndi maluso oyenera kutetezedwa, momwe munalowa nianhua za madera 12. Mu 2009 UNESCO inalemba luso la ku China lodinda ndi matabwa pa mndandanda wa dziko lonse lapansi, womwewo womwe pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Mu Disembala 2024 chikondwerero cha chaka chatsopano cha Atchaina nacho chinalowa. Amisiri osankhidwa amapatsidwa udindo wa "wolandira ndi kupatsira luso", ndipo kuyambira mu 2016 omwe ali pa mlingo wa dziko amalandira ma yuan (ndalama za ku China) 20,000 pachaka kuti aziphunzitsa ena. Mdzukulu wa munthu yemwe anabisa matabwa poopa boma, lero boma lomwelo likumupatsa satifiketi.

Mmodzi mwa amisiriwa ndi a Tai Liping a ku Fengxiang m'chigawo cha Shaanxi, omwe banja lawo lakhala pa ntchitoyi mibadwo pafupifupi 20. Matabwa a makolo awo atawonongedwa, iwo anatha zaka zambiri akufunafuna zithunzi zakale kulikonse komwe zinapulumuka, n'kusemanso matabwa mazanamazana kuchokera pa mapepalawo.

Ndani akugula, ndipo akugula chiyani?

Satifiketi siphika nsima. Funso lomwe linatsala linali loti, zitseko ziwiri zija kulibe, ndiye pepalali lipita kuti?

Yankho lina ndi alendo okaona malo. Chivomezi cha pa 12 Meyi 2008 chinagumula kwambiri Mianzhu, ndipo pomanganso, mudzi wina anaukonza kuti makoma oyera a nyumba zake akhale ndi zithunzi za nianhua zikuluzikulu. Anthu amapita kukajambulitsa, n'kugula zithunzi za m'mafelemu, makapu ndi zikwama. Ndalama zimalowa. Koma mlonda wa pakhomo yemwe ali m'galasi pabalaza sakulondera kanthu.

Yankho lomwe limandigwira mtima linachokera ku Foshan. Kumeneko banja la a Feng Bingtang, omwe anamwalira mu 2019, ndilo linatsala likudinda m'sitolo yakale. Wophunzira wawo wina wachitsikana, a Liu Zhongping, anazindikira kuti achinyamata sanasiye kuda nkhawa, koma kuti nkhawa zawo zinasowa wozimva. Sanasinthe zithunzi, anasintha kafotokozedwe. Milungu iwiri ya chimvano cha m'banja anayamba kuitchula kuti ndi ya wotopa ndi umbeta. Chithunzi cha wophunzira wopambana mayeso a mfumu chinakhala cha aliyense wokalemba mayeso. Achinyamata anayamba kubwera, kudinda okha, ndipo ena zikawayendera amabwerera kudzathokoza. Ena amadandaula kuti uku n'kuchepsa zinthu zopatulika. Ine ndikuona kuti n'zomwe odinda akale ankachita: ankayang'ana chomwe chikumusowetsa tulo wogula, n'kumupatsa pepala lake.

Ku Taiwan anatenga njira ina. Kuyambira m'ma 1980 kumachitika mpikisano wa chaka ndi chaka wa zithunzi zodinda za chaka chatsopano, ndipo ojambula amaloledwa kugwiritsa ntchito njira zamakono, bola mzimu wa mafuno abwino ukhalepo. Ku Dali nako, timapepala ta jiama tasanduka chokondedwa cha achinyamata ochokera m'mizinda ikuluikulu, omwe amadinda mulungu wa ulendo pa malaya ndi pa mapositikhadi, pomwe agogo a Chibai m'mudzi womwewo akuwotcha kapepala komweko pamphambano.

M'holo ya anthu a mitundu yambiri

Kunja kwa China, lusoli labwerera kudzera m'malo atatu: nyumba zosungiramo zinthu zakale, masukulu a Chitchaina a Loweruka, ndi zikondwerero za chaka chatsopano zomwe makhonsolo a mizinda amathandiza. Royal Ontario Museum ku Toronto inachita chionetsero cha milungu ya papepala ndi zithunzi za makolo mu 2019. Ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Muban Educational Trust losonkhanitsa ndi kuphunzitsa za zodinda za matabwa za ku China. Nthambi za Confucius Institute, sukulu zophunzitsa Chitchaina zomwe boma la China linafalitsa m'maiko ambiri, nazo zimakonda kuika tebulo lodindira pa zochitika zawo.

N'chifukwa chiyani kudinda, osati luso lina? Chifukwa sikufuna chinenero. Kulemba zilembo za Chitchaina ndi burashi kumatenga zaka. Kudinda ndi thabwa losemedwa kale kumatenga mphindi zisanu, ndipo aliyense amapita kwawo ndi kanthu m'manja. Taonani tebulo lotere: nyuzipepala zoyalidwa, mbale ya inki yofiira, matabwa atatu, mzere wa ana. Woyamba amathira inki yambiri, nsomba n'kutuluka ngati chibuluma cha matope. Wachiwiri amasuntha pepala posisita, nsomba n'kukhala ndi maso anayi. Wachitatu amafunsa chifukwa chake chilembo chili chobwerera pathabwa, ndipo akamatula pepala n'kuona chawongoka, amakuwa. Kumbuyo kwaima agogo ochokera ku Guangdong, omwe sanasemepo thabwa moyo wawo wonse koma amadziwa mbali yomwe mlonda aliyense amayenera kuloza. Mdzukulu wawo, wobadwira konko, sadziwa kuwerenga chilembocho, ndipo akuphunzira limodzi ndi mnzake wa ku Somalia.

Koma taonani matabwa atatu aja. Pafupifupi nthawi zonse pamakhala nsomba, chilembo cha mwayi, ndi nyama ya chaka chimenecho. Zao Jun sapezekapo kawirikawiri. Chifukwa chake n'chomveka. M'holo momwe muli Asilamu, Akhristu, Ahindu ndi osapembedza, wokonza mwambo safuna kupatsa mwana wa eni fano loti akamate kukhitchini. Vutoli si lachilendo: ku China komweko Asilamu a mtundu wa Hui samata alonda a pakhomo, amaika mawu a Chiarabu pamwamba pa chitseko, ndipo Akhristu ambiri amamata mapepala ofiira okhala ndi mawu a m'Baibulo. Koma zotsatira zake n'zakuti chomwe chimawoloka malire ndi mbali yofewa yokha. Milungu, ziwanda, mantha a matenda ndi njala, zomwe zinabala lusoli, zimatsala m'mabuku a ofufuza. Ngakhale nsomba ija imafika itavula tanthauzo, pokhapokha wina atafotokoza kuti yu ndi yu. Wosauzidwa amangoona nsomba yokongola.

Pali nkhani inanso ya dzina. Chikondwererochi si cha Atchaina okha. Aku Vietnam ali ndi Tet, aku Korea ali ndi Seollal, ndipo m'mizinda ya kunja mumabuka mkangano woti mwambowu uzitchedwa chaka chatsopano cha Atchaina kapena chaka chatsopano cha mwezi. Munthu wa ku Vietnam akaona nkhumba ya ku Dong Ho itaikidwa pansi pa chikwangwani cha "luso la China", sasangalala, ndipo ali ndi chifukwa. Ngakhale pakati pa Atchaina eni ake, wochokera ku Hong Kong, ku Taiwan, ku Malaysia ndi ku Shandong sanakule ndi zithunzi zofanana, ndipo si onse omwe amafuna kuti ofesi ya boma la Beijing ndiyo iziwauza chomwe chili chikhalidwe chawo.

Kwathu kuno funso lofanana nalo timalidziwa. Aliyense amene anafikapo ku Mua n'kuona zigoba za Gule Wamkulu zitandandalikidwa m'nyumba ya Chamare amadziwa kuti kusunga n'kwabwino, komanso kuti chigoba cha pakhoma ndi chigoba cha pabwalo, fumbi likubuka, ng'oma zikulira, ndi zinthu ziwiri.

Odinda achuluka, osema achepa

Pamene pali bala lenileni ndi pa mpeni. Kudinda munthu amaphunzira masana amodzi n'kuyamba kuoneka ngati akudziwa. Kusema kumafuna zaka, msana wowerama ndi maso akuthwa, ndipo malipiro ake safanana ndi a ku fakitale. Matabwa ena omwe amayenda m'zikondwerero lero anasemedwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo aphunzitsi ena akunja amagwiritsa ntchito labala chifukwa ndi yofewa kwa ana. Palibe cholakwa pamenepo ngati cholinga n'kusangalatsa ana. Koma mzere wa makina ndi wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pomwe wa mpeni umanenepa ndi kuonda monga dzanja linapumira. Wosema waluso amasiya tsinde la mzere lotambalala pansi, ngati mzere wa m'munda, kuti lisathyoke, ndipo nzeru imeneyo siilembedwa m'buku la chionetsero. Masukulu a zaluso ku Suzhou ndi ku Tianjin akuphunzitsa achinyamata kusema, ambiri mwa iwo atsikana, chinthu chomwe mabanja akale opatsira luso kwa ana aamuna okha sakanachilola. Kuti angati mwa iwo adzakhalebe pa ntchitoyi akadzakwanitsa zaka 40, zidalira ngati padzakhale ogula.

Ogula osasowa alipo, koma sali m'maholo a ku London kapena m'masitolo a alendo. M'misika ya kumidzi ya ku Shandong, mwezi womaliza wa chaka ukafika, pamayalidwabe milu ya Zao Jun wodindidwa pa pepala lotchipa, utoto utaphonya mizere pena ndi pena. Palibe amene amamuika m'felemu. Mayi wokalamba amasankha limodzi, amalipinda bwinobwino, n'kuliika m'dengu pamwamba pa kabichi ndi nyama ya nkhumba. La chaka chatha lili pakhoma kunyumba, lakuda ndi utsi, likudikira machesi.